Mpunga Umene Unakana Kumira

Ikuno, Osaka
9 Malichi 2017

Mng'ono wanga Okhwa,

Moni kwa iwe ndi mwana wathu Yeonji. Kaya bondo lako lija likukulolabe kulowa m'madzi? Ine kuno ndilipo, kungoti mtima ukumadumpha mosalongosoka ndipo adokotala andiwonjezera mapiritsi. Sitolo ya ndiwo zowawasa ndamusiyira mwana wanga Takumi ndi mkazi wake. Foni ndinaitaya kale, makutu agontha, ndiye ungopirira nazo zolemba zanga zokhotakhotazi.

Ndikubwera, Okhwa. Takumi wandigulira tikiti ya sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zoyendetsa anthu okaona maiko. Idzakocheza padoko la chilumba chathu cha Jeju pa 11 Meyi m'mawa, n'kunyamuka madzulo ake.

Chimene ndikubwerera ukuchidziwa. Tsiku lija amayi anabira pansi pa nyanja pa Mwala wa Khwangwala osavuukanso, ine ndinali kuno wopanda mapepala ondiloleza kukhala m'dziko la eni, ndikumata nsapato m'kachipinda ka kuseri kwa fakitale. Ndikanabwera kumaliro, sakanandilolanso kubwerera. Mapepala nditawapeza, manyazi anandimanga miyendo. Ndinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka zaka zayandikira makumi anayi.

Iwe chaka ndi chaka umakulunga mpunga m'pepala loyera, kumanga ndi ulusi, n'kuwaponyera amayi m'nyanja monga mwa mwambo. Ine sindinawaponyerepo ngakhale kambewu kamodzi. Ndikufuna ndiponye kamtolo kanga ndi dzanja langa, ndione ndi maso anga. Kakamira, ndidzadziwa kuti amayi alandira, ndipo ndidzamuuza Takumi kuti ndikadzafa mafupa anga adzabwere nawo kwathu. Kakayandama, ndidzadziwanso yankho, ndipo ndidzagona konkuno pakati pa eni dziko. Nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Ndibwera ndi anzanga awiri amene timasamba nawo kubafa la anthu onse la m'dera lathu, akazi a Fujimaki ndi akazi a Noda. Ndawauza kuti mchenga wa ku Gaemok ndi woyera ngati mchere, ndipo madzi ake umaona nkhono pansi uli chiimire pamwala. Ukadali choncho, eti? Undiuze za kumudzi, ndani ali moyo, ndani anatisiya, ndiponso ndikutengere chiyani.

Ndine mkulu wako,
Gyewol


Gaemok, Jeju
24 Malichi 2017

Achemwali,

Moni talandira. Yeonji ali bwino. Bondo likupweteka, koma silinandipemphe tchuthi ndipo sindinalipatse.

Kalata yanu ndaiwerenga nditatseka mawindo onse, ndi nsalu pamphuno. Mukufunsa za mchenga woyera. Mchengawo ine ndinauona komaliza mu Januwale. Chiyambire Febuluwale mphepo ya kumadzulo yakhala ikutitutira ndere zofiirira, osati zakuno, zochokera kutali, ndipo zaunjikana pagombe mpaka m'chiuno. Za pamwamba zauma, za pansi zikuwola, zikutuluka madzi akuda onunkha ngati mazira osukusa. M'kati mwake muli zingwe, mabotolo, maukonde odukaduka, nkhwaira za mwendo umodzi, matewera a ana a anthu osawadziwa. Dzana tinafukulamo galu wotupa.

Fungo lake lalowa paliponse. Zovala ukachapa n'kuyanika, zimabwera zikununkha kuposa mmene zinapitira. Masupuni a amayi asiliva aja ada okha m'kabati. Mpunga ndikamatafuna ndimamva ndere. Ntchentche ndiye musanene, zatipeza pamodzi ndi achibale awo onse.

Ife amayi obira pansi pa nyanja kukatola nkhono, amene tinkanyadira kuti timadya za mpweya wathu, tasanduka okumba ndowe. M'mawa uliwonse a Chunbok, mtsogoleri wathu, amatiitana ndi mafoloko aakulu ofukulira ndere ndi matumba. Timadzaza, timanyamula, msana kuchita kuthyoka. Kukacha, nyanja yabweza zina zoposa zadzulo. A Chunbok dzulo anaima n'kuloza nyanja ndi foloko, amvekere, "Iwe, ngati m'mimba mwakuvuta, pita kuchipatala, usamatisanzire pakhomo." Tinaseka, koma kuseka kuno n'koopsa chifukwa umatsegula pakamwa.

Tsono imvani, achemwali. Musabwere mwezi umenewo. Pa Mwala wa Khwangwala madzi sakuoneka n'komwe, pali chimphasa cha ndere kuyambira pamwala mpaka kutali. Dikirani Okutobala, nyanja ikadzasamba.

Ndipo poti tayamba kulankhulana, ndinene chimene chili kukhosi. Zaka zonsezi ndege zakhala zikuuluka pakati pa Osaka ndi kuno, ulendo woti munthu sagona n'komwe. Inu mwasankha sitima yoliza lipenga madzulo, kuti mukhale ndi chothawira tisanayambe kuyang'anana bwinobwino. Mwatenganso mboni ziwiri zosamva chilankhulo chathu. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Kaya, kuno chaka chino chilichonse chikuwola.

Amene anatisiya ndi ambiri, pepala silingakwane. Musanditengere kanthu.

Okhwa


Ikuno, Osaka
6 Epulo 2017

Okhwa,

Moni. Ndayamika kuti wayankha, ngakhale yankho lake landilasa.

Ukanangonena poyera kuti sukundifuna pakhomo pako, kusiyana ndi kunamizira ndere. Ine ndere sindizidziwa? Ndinabadwira ku Osaka ine? Tili ana, mphepo ikakankhira ndere kumtunda, mudzi wonse unkathamanga ndi madengu, amayi akutikalipira kuti tachedwa, anzathu atola kale. Tinkaziyanika, kuzithira m'munda wa balere, ndipo chaka chimenecho tinkakhuta. Nyanja ikatero tinkati yatikomera mtima. Lero mwakhuta zogula m'sitolo, dalitso mukulitcha uve.

Ndaziona pa wailesi ya kanema. Zofiirirazo, za timipira ting'onoting'onoto, si momu ameneyo, ndere zodyedwa zija? Momu yemwe tinkaphika ndi mafupa a nkhumba pa ukwati ndi pamaliro? Ndinachita kulira pakanemapo. Ndawauza anzanga kuti ali ndi mwayi, akadya msuzi wa kwathu wa ndiwo zotola pakhomo pomwe. Chonde undiphikire mphika umodzi, wothira ufa pang'ono kuti ulimbe monga ankachitira amayi. Ukakana china chilichonse, ichi chokha usakane, usandichititse manyazi pamaso pa alendo.

Za Okutobala usanene. Adokotala akandiyeza amayang'ana pansi, ndipo ine si mwana. Okutobala palibe amene wandilonjeza.

Za sitima wanena zoona pang'ono. Ndikuopa. Ndikuopa nyumba ija, ndikuopa iwe, ndikuopa madzi aja. Ndege ikanditula ndiyenera kugona, ndipo sindikudziwa ngati ndingagone m'nyumba imene ndinakusiyira iwe wekha uli mtsikana. Koma wamantha naye amafika. Ndifika pa 11 Meyi, undifune usandifune. Mpunga ndagula kale, pepala ndi ulusi zilinso m'chikwama.

Undiuze ngati pali munthu wodzanditenga padoko.

Mkulu wako,
Gyewol


Gaemok, Jeju
19 Epulo 2017

Amayi aakulu,

Moni wochokera kwa ine Yeonji, mwana wanu amene simunamuonepo koma pazithunzi. Ndikhulupirira mukumwa mankhwala anu bwino. Ndikulemba ine chifukwa amayi akuti dzanja lawo latopa ndi foloko, ngakhale ndikuona kuti chatopa ndi china.

Kalata yanu anaiwerenga ataimirira pakhomo, nsapato zamphira zili kumapazi. Atafika pa za momu anakhala pansi.

"Wamva, Yeonji? Akuti tiwaphikire. Pita kagwire galu uja tinafukula, tithiremo m'malo mwa nkhumba."

"Amayi, iwo sakudziwa. Anachoka kale."

"N'chimene ndikunena. Anachoka kale."

Amayi aakulu, zimene munaona pakanemazo si momu. Zimafanana ukamaziona patali, koma izi n'zolimba ngati waya, ngakhale nkhumba zimazinunkhiza n'kutembenuka. Alimi nawo akuzikana chifukwa zadzaza mchere ndi mapulasitiki. Ndipo amayi sananame kuti akuthamangitseni. Ine ndili ndi kanyumba kogulitsiramo khofi pagombe pomwepo, ndiye ndimaona zonse. Basi ya alendo a m'sitima ikafika, amatsika ndi zipewa zawo ndi magalasi akuda, amayenda pang'ono, fungo limawamenya mbama. Ena amajambula kamodzi n'kuthawira m'basi. Ena amalowa mwanga, osagula kanthu, kungofunsa chimbudzi. Sabata yatha bambo wina anandifunsa ngati kuno timataya zonyansa za m'tauni m'nyanja. Ndinamumwetulira chifukwa ndi ntchito yanga, koma mumtima ndinamutukwana mpaka agogo ake.

Komabe ndikuuzeni ichi, musawauze kuti ndanena. Lolemba amayi anakwera basi kupita kumsika wa m'tauni, anabwera ndi momu weniweni wouma ndi mafupa a nkhumba. Nditawafunsa anati, "Ndi zanga, ndalakalaka ndekha." Chibadwire changa sindinawaonepo akulakalaka kanthu.

Padoko ndidzakutengani ine ndi galimoto. Musavale nsapato zoyera kapena zazitali, ndipo anzanuwo muwachenjeze. Ngati m'chikwama muli malo, mutengeko mapulasitala omata pabondo a kumeneko, amayi amati amagwira ntchito kuposa akuno. Akadzakufunsani, mudzati munaganiza nokha.

Za kamtolo kanu ndili ndi nkhawa, chifukwa pamwala paja sipanatseguke. Mwina mphepo itembenuka.

Mwana wanu,
Yeonji


Ikuno, Osaka
15 Meyi 2017

Mng'ono wanga Okhwa,

Moni. Ndafika dzulo. Zovala zonse ndinavala tsiku lija ndazimanga m'thumba ndi kuzitaya, koma fungo lidakali m'mphuno mwanga, ndipo ndikuganiza kuti ndidzafa nalo.

Unanena zoona, ine ndinali chitsiru. Yeonji atangotsegula chitseko cha galimoto, akazi a Noda anagwira pakamwa. Sanafike n'komwe pamchenga, anasanza pakhoma la miyala la a Chunbok, chakudya chonse cham'mawa cha m'sitima. Akazi a Fujimaki, amene sanamvere za nsapato, anaponda poti pauma, mwendo unalowa mpaka m'bondo, nsapato inatsalira momwemo. Anatulutsa phazi lili ndi mphutsi, n'kumandiweramira kuti, "Ndi malo okongola ndithu, a Gyewol, okongola kwambiri." Ulemu umenewo unandinyansa kuposa nderezo. Bola akananditukwana.

Ndipo iwe ndinakuona. Ndinasiya mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno, ndinapeza mayi wa imvi ataima m'matope akuda ndi foloko. Mawu onse amene ndinakonza m'sitima anathawa.

"Mwakalamba," unatero.

"Iwenso."

"Musandikumbatire, ndikununkha."

Ndikanakukumbatirabe. Koma a Chunbok anali atafika kale, manja m'chiuno. "Ndi Gyewol uyu? Uja ankathawa nkhanu? Taonani chipewa, ngati mkazi wa nduna. Mpatseni foloko, alipire masiku onse anajomba!" Amayi onse anaseka, inenso ndinaseka, misozi ili m'maso chifukwa cha fungo ndi zina.

Zotsatira unaziona, koma ndilembe kuti zichoke pachifuwa. Unanditsogolera pamiyala, osandigwira dzanja, koma ukuchepetsa liwiro kuti ndikupeze. Pa Mwala wa Khwangwala ndinatulutsa kamtolo kanga. Ndinati, "Amayi, ndine Gyewol, ndachedwa." Ndinaponya ndi mphamvu zanga zonse. Kanagwera pa ndere, phwa, n'kukhala. Kanangokhala pamenepo, koyera pakati pa uve wonsewo, kakukwera ndi kutsika ndi mafunde. Ntchentche zinafika msanga kuposa amayi.

Ndinaona nsungwi yaitali pamwala, ndinaitola kuti ndikakankhire pansi. Unandigwira mkono mpaka pano pali chizindikiro.

"Mwaiwala zonse? Kakachoka m'manja sikakhudzidwanso. N'ka amayi tsopano."

"Nanga ndichite chiyani, Okhwa?"

"Dikirani. Ife tadikira zambiri."

Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Msuzi wako unazizira patebulo, anzanga atatsekeredwa m'galimoto ndi mipango pamphuno. Ine ndinamwa masupuni awiri okha nditaimirira, ndipo unali wa amayi weniweni, sindinakuuze. Yeonji anati sitima sidikira munthu. Nditatembenuka komaliza, iwe unali utabwerera ku foloko yako, ndipo kamtolo kanali pomwe paja.

Undiuze, Okhwa. Kanamira? Mwina madzulo, mwina mawa lake? Usandinamize pondimvera chisoni, bodza ndingalimve ngakhale papepala. Lemba mawu amodzi okha, inde kapena ayi.

Mkulu wako,
Gyewol


Ikuno, Osaka
7 Juni 2017

Okhwa,

Moni. Tsiku lililonse ndimatsika masitepe kukatsegula bokosi la makalata, ndimapezamo mapepala otsatsa malonda basi. Ndinalembera Yeonji, nayenso ali chete.

Ndamva. Ndiwe munthu wosanama, ndipo sukufuna kulemba ayi. Zikomo pondisungira ulemu umenewo.

Sindikukwiyira amayi. Mwana wobwera patapita zaka zonsezi, ndi chipewa, ndi alendo, ndi wotchi padzanja, ndikanakhala ine sindikanalandiranso. Dzulo ndinapita ndi Takumi kukachisi wa kuphiri, kumene anthu akwathu ambiri amagona akamwalira. Pali kabokosi kosungiramo mafupa m'khoma, mzere wachitatu kuchokera pansi, koyang'ana kolowera dzuwa. Takumi akukasainira kumapeto kwa mwezi uno. Ndi koyera, kulibe fungo lililonse.

Mapulasitala ndinawasiya pansi pa mpando wa galimoto ya Yeonji, ndinachita manyazi kukupatsa pamanja. Sindikuvutitsanso ndi makalata.

Gyewol


Gaemok, Jeju
18 Juni 2017

Achemwali,

Moni. Yeonji akupereka moni, ndipo musamukwiyire, ndine ndinamuletsa kulemba. Ndinati nkhaniyi ndilemba ndekha ndikayamba kuona, chifukwa iye akanaithira shuga. Ndinali kuchipatala. Maso onse awiri anatupa n'kumatuluka mafinya, khutu lamanzere likuwomba ng'oma, khungu la m'khosi likusendeka. Ndatuluka Lachinayi, ndapeza makalata anu awiri, ndipo yachiwiriyo yandipsetsa mtima moti ndikulemba ndi diso limodzi.

Munthu mukangoona chete mwathamangira kale kukagula bokosi m'khoma. Khalidwe lanu silinasinthe, zikavuta mumayang'ana khomo lotulukira.

Mwafunsa inde kapena ayi. Mumva zonse, chifukwa ndazilipira ndi maso anga.

Madzulo aja kamtolo sikanamire. Ndinapita kukaona sitima yanu itachoka, kanali pomwepo, ndipo sindikubisirani, mtima wanga unati zakhala bwino, nawonso alawe. Mawa lake kanali pomwepo, pepala litayamba kuda. Ngakhale mbalame sizinakatole, nazo zinkanyansidwa. Tsiku limenelo kukondwa kunali kutatha.

Masana a Chunbok anabwera ndi uthenga woti aboma akutumiza bwato la chimakina chokokola, liyambira pamwala paja m'mawa mwake, ndipo zonse zikatayidwa kudzala la kuphiri. Ndinasiya foloko. Mpunga wa amayi upite kudzala pamodzi ndi matewera ndi agalu akufa? Kaya waponya ndani, umenewo ndi mpunga wa amayi anga.

Ndinapita kunyumba, ndinavala zovala zamphira zolowera m'madzi, ndinatenga chikwakwa changa chodulira ndere. A Chunbok anandipeza ndikupukuta galasi loonera m'madzi.

"Ukupita kuti, iwe?"

"Kumadzi."

"Wapenga? Pansi pa chimphasa chimenecho? Mayi ako anatsalira pamenepo madzi ali oyera, iwe ukufuna ukalowe mumdima ndi bondo limodzi?"

"Ndikangoona."

"Ukangoona ndi chikwakwa? Ukakakhudza kamtolo kaja, wawononga zonse, ukudziwa."

"Sindikakhudza. Ndikadula za pansi pake."

A Chunbok analavula, amvekere, "Ana a malemu aja, wina wamantha, wina wamisala. Dikira ndiitane anzako."

Mwamuna wa mphwawo anatitengera paboti kuzungulira mpaka kumene ndere zathera. A Chunbok ndi amayi ena awiri anakwera pamwala kuti azindilozera, chifukwa ukakhala m'madzi kamtolo sukaona. Ndinabira. Achemwali, ndabira moyo wanga wonse, m'chisanu, m'mafunde, ndili ndi pakati pa Yeonji, koma zonga zija sindinazionepo. Kumwamba denga lakuda, zingwe zikulendewera, madzi ofunda ngati mkodzo, tizidutswa towola tikuyandama ngati makoko a m'mphika wosatsuka. Nsomba panalibe ngakhale imodzi. Ndikavuuka kukapuma, ndinkachita kuboola ndi mutu, zonyansazo zikundimata kumaso, kulowa m'kamwa, m'makutu. Ndinasanza m'madzi momwemo n'kubiranso.

Pamwala a Chunbok akungokuwa, "Kumanzere, chitsiru iwe, kumanzere! Wapitirira! Bwerera pang'ono!"

Ndinayamba kudula cham'mbali, kuzungulira, kenako pansi pake, pang'onopang'ono kuti chikwakwa chisafike papepala. Ndere zake n'zolimba, zapiringizana ndi ukonde. Kamodzi ukondewo unandikola phazi, ndipo ndinaganiza za amayi, kuti kodi nawonso zinayamba chonchi. Sindinachite mantha kwenikweni, ndinakwiya. Ndinati sindingafere m'chimbudzi chifukwa cha munthu amene ali m'sitima akudya makeke. Ndinadula ukonde, ndinapuma, ndinabwerera.

Mpweya wangati ndinapuma sindikudziwa. Ndinangoona kuwala kwalowa, kabowo katseguka, ndere zomaliza zikupatuka zokha. Ndinabwerera m'mbuyo, manja ndinaika kumsana kuti pasakhale wonena. Kamtolo kanapendeka, kanamwa madzi, kanayamba kutsika. Kanadutsa pamaso panga penipeni, ulusi wanu wofiira ukuoneka, mfundo yake yokhotakhota ngati zolemba zanu. Sikanazengereze, sikanabwerere. Ndinakaperekeza ndi maso mpaka pansi, pamene madzi ayera, kanakakhala mumng'alu wa mwala.

Ndiye yankho lanu ndi inde. Kanamira.

Ndikudziwa mutu wanu, muyamba kufunsa ngati zoterezi zimawerengedwa. Inenso ndinafunsa ndili chigonere m'boti, ndikulavula zakuda. A Chunbok, amene mwambo amaudziwa kuposa tonsefe ndipo sakukondani n'komwe, anati, "Iwe wangotsegula chitseko. Kulandira alandira okha mayi ako. Akanafuna kukana, kakanayandama pabowo pomwepo." Mukakayika, adzakuuzani okha, mboni zilipo zitatu ndi mwini boti.

Tsono muuzeni Takumi asasaine kanthu. Koma imvaninso ichi. Ine sindinamwe madzi a galu wakufa kuti ndidzalandire mafupa m'kabokosi. Mafupa sayankha munthu, ndipo ine ndili ndi zambiri zoti ndikufunseni, zina zoti ndikukalipireni, ndipo sizingathe tsiku limodzi. Bwerani nawo nokha mafupawo akadali ndi mnofu. Bwerani nokha, opanda mboni, ndipo wotchi muisiye.

Mapulasitala ndawapeza. Akugwira.

Chipinda cha amayi ndinkasungiramo adyo ndi maukonde akale. Dzulo ine ndi Yeonji tatulutsa zonse, takolopa, tayala mphasa. Chikununkhabe adyo, koma inu mwanunkhiza kale zoposa pamenepo, mugonamo.

Ndine mng'ono wanu,
Okhwa